Nkhope Ilibe Mtanthauziramawu

Kwa zaka zoposa 30 tsopano, akatswiri a makompyuta m'maiko osiyanasiyana akhala akuphunzitsa makina kuyang'ana nkhope ya munthu ndi kunena zimene munthuyo akumva mumtima. Kamera imajambula nkhope, kompyuta imayeza milomo, nsidze, masaya ndi zikope, kenaka pagalasi pamatuluka liwu limodzi lonena kuti munthuyu wakondwa, wakwiya kapena ali ndi mantha. Ine sindiphunzira za makompyuta. Ndili m'chaka chomaliza cha maphunziro a ziyankhulo ndi zolembalemba, ndipo masamu ndidatsazikana nawo ku Folomu 4. Komabe nkhaniyi yandikhala pamtima chifukwa cha liwu lotuluka pagalasilo. Wophunzira ziyankhulo akaona liwu amafunsa kuti ndi la chiyankhulo chiti, adalisankha ndani, ndipo likutanthauzanji kwa amene akulimva. M'chimangirizo chino ndikufuna kufotokoza mmene makinawa amagwirira ntchito, ndi kuonetsa chifukwa chimene ndikukhulupirira kuti kuyeza kayendedwe ka minofu ya kunkhope ndi ntchito imodzi, pamene kutchula dzina la zimene zili mumtima ndi ntchito inanso. Yoyambayo makompyuta aidziwa bwino ndithu. Yachiwiriyo ndi ya chiyankhulo ndi chikhalidwe, ndipo mpamene pagona nkhawa yanga.

Maganizo akuti nkhope ingawerengedwe ngati kalata ndi akale kuposa kompyuta. M'chaka cha 1862 dokotala wa ku France, Guillaume Duchenne, adasindikiza buku la zithunzi za anthu amene ankawakhudza kunkhope ndi mphamvu ya magetsi kuti aone mnofu umene umakoka mbali iliyonse. Iye adaona kuti munthu akamwetulira mokondwadi, minofu yozungulira maso imakwinyika pamodzi ndi ya milomo, pamene kumwetulira kongokakamiza kumathera pakamwa. Mu 1872 Charles Darwin adalemba buku lonena za mmene anthu ndi nyama zimaonetsera zamumtima, ndipo adagwiritsa ntchito zina mwa zithunzi za Duchenne. Darwin ankaganiza kuti maonekedwe ena a nkhope ndi obadwa nawo, ndipo ndi ofanana pa mtundu uliwonse wa anthu.

Amene adakhwimitsa ganizoli ndi katswiri wa za maganizo wa ku America, Paul Ekman. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 iye adapita kwa anthu a mtundu wa Fore kumapiri a ku Papua New Guinea, amene ambiri mwa iwo adali asanaonerepo kanema kapena magazini a azungu. Ankawafotokozera kankhani kakafupi kudzera mwa womasulira, monga kakuti mwana wa munthu wina wamwalira, n'kuwaonetsa zithunzi zitatu kuti aloze nkhope yogwirizana ndi kankhaniko. Zotsatira zake adazisindikiza mu 1971 pamodzi ndi mnzake Wallace Friesen, ndipo mfundo imene idafala ndi yakuti pali mitundu 6 ya zamumtima imene anthu onse amaionetsa mofanana: chimwemwe, chisoni, mkwiyo, mantha, kunyansidwa ndi kudabwa. Mu 1978 awiriwa adatulutsa ndondomeko yotchedwa Facial Action Coding System, mwachidule FACS, imene idagawa kayendedwe ka nkhope m'tizigawo toposa 40 n'kupatsa kalikonse nambala yake. Kukokera m'mwamba nsonga za milomo ndi nambala 12. Kukweza masaya mpaka maso kuchepa ndi nambala 6. Kutsitsa nsidze, kumene ife timati kuchita tsinya, ndi nambala 4. Kukwinya mphuno ndi nambala 9.

Nditawerenga za FACS koyamba ndidaizindikira msanga, chifukwa ndi m'bale wake wa alifabeti ya fonetiki imene imatisautsa m'chaka choyamba. Alifabeti ija imatiuza pamene pali lilime, ngati milomo yatsekeka, ndiponso ngati mpweya ukutulukira m'mphuno. Za tanthauzo siinenapo kanthu. Munthu wophunzitsidwa bwino angathe kulemba molondola mawu a Chiyao kapena Chilomwe m'zilembo za fonetiki koma osamva ngakhale chimodzi mwa zimene zikunenedwazo. FACS nayo ili chomwecho. Imanena kuti mnofu wakuti wayenda, ndipo pamenepo palibe chokangana. Mkangano umayamba munthu akawonjezera kuti nambala 6 ikakumana ndi nambala 12 ndiye kuti mwini nkhopeyo wakondwa.

Tsono kompyuta imalowa bwanji m'nkhaniyi? Kwa kompyuta, chithunzi ndi mizere ya manambala basi, nambala iliyonse ikuimira kuwala kapena kuda kwa kadontho kamodzi. Ntchito yoyamba ndi kupeza pamene pali nkhope pakati pa manambalawo. Njira imene idatchuka kwambiri idatuluka mu 2001, ine ndisanabadwe, kuchokera kwa Paul Viola ndi Michael Jones. Njirayi imatsamira pa zinthu zosavuta, monga kuti dera la maso limakhala loderapo kuposa masaya, ndipo msana wa mphuno umawala kuposa m'mbali mwake. Ntchito yachiwiri ndi kuika timadontho pa malo odziwika a nkhope, kawirikawiri 68: m'mphepete mwa nsagwada, pansidze, kuzungulira maso, pamphuno ndi pamilomo. Yachitatu ndi kuyeza. Kodi mpata wa pakati pa nsidze ndi diso wakula? Kodi pakamwa patambasuka? Kodi pamphumi pabwera makwinya? Yachinayi ndi kuweruza, kutanthauza kuika nkhopeyo m'gulu limodzi mwa magulu amene kompyuta idapatsidwa. Kale akatswiri ankasankha okha zoti ziyezedwe. Kuyambira cha mu 2012 njira yotchedwa deep learning idasintha zinthu. Kompyuta imaonetsedwa zithunzi zikwizikwi, chilichonse chili ndi dzina limene munthu adalemba kale, ndipo imadzipezera yokha zizindikiro zosiyanitsira gulu lina ndi linzake. Ikalakwa imakonzedwa, ikalakwanso imakonzedwanso, mpaka mayankho ake ayambe kufanana ndi a amene adalemba mainawo.

Apa zikuoneka kuti kompyuta imatengera nkhokwe ya zithunzi imene yaleredwa nayo, choncho ndi bwino kusuzumira m'nkhokwemo. Nkhokwe ina yakale yotchedwa JAFFE, ya mu 1998, ili ndi zithunzi 213 za akazi 10 a ku Japan. Ina yotchuka, CK+, ya mu 2010, ili ndi timakanema 593 ta anthu 123 tojambulidwa ku America, ndipo anthuwo ankachita kuuzidwa mmene akwinyire nkhope ali patsogolo pa kamera. Nkhope zoterezi zili ngati za azisudzo, amene akakwiya amatuzula maso kuti wakumbuyo kwa holo aone. Nkhokwe ya FER2013 ili ndi zithunzi 35,887 zazing'ono kwambiri, zakuda ndi zoyera, zimene zidatoledwa pa intaneti pofufuza pa Google ndi mawu onena zamumtima. Amene adaikonza adapeza kuti anthu enieni akapatsidwa zithunzizo amalondola pafupifupi 65 pa 100 zilizonse. Magulu ake ndi a Ekman aja, kuwonjezerapo lachisanu ndi chiwiri la nkhope imene akuti siikuonetsa chilichonse.

Ine ndidakumana ndi zimenezi kudzera mwa mnzanga wophunzira za makompyuta, amene timachokera boma limodzi. Pa ntchito yake ya chaka chomaliza adaphunzitsa pulogalamu yake ndi zithunzi za FER2013, ndipo adafuna kuti mayankho azituluka m'Chichewa. Adandibweretsera kapepala ka mawu 7 a Chingerezi: happy, sad, angry, fear, disgust, surprise ndi neutral. "Aise, iwe ndi wa ziyankhulo," iye adatero, "tandimasulira awa, ndi ntchito ya mphindi zisanu." Ntchitoyo idatitengera sabata yathunthu.

Liwu loti happy silidavute kwenikweni, ngakhale tidakangana ngati tilembe kukondwa, kusangalala kapena chimwemwe. Vuto lidayamba pa sad. Aliyense angathamangire kunena kuti ndi chisoni. Koma chisoni chathu chili ndi nthambi ziwiri: pali chisoni cha namfedwa, ndipo pali chisoni chimene umamvera mnzako amene wagwa m'mavuto, chimene Mngerezi amachitcha ndi liwu lina. Nanga wokhumudwa chifukwa walephera mayeso, wodandaula chifukwa mvula yadula, ndi wopukwa kwawo, onsewa tiwaike m'thumba limodzi? Pa fear tidalemba mantha, koma mneni wake, kuopa, amafika patali. Timaopa njoka, timaopa Mulungu, ndipo mkamwini amaopa apongozi ake, kumene kuli kupereka ulemu. Pa angry padabwera mkwiyo, ukali, kupsa mtima ndi kunyanyala, ndipo aliyense amadziwa kuti mwana wonyanyala nsima ndi bambo wolusa sakhala ndi nkhope imodzi. Surprise idagawika pakati pa kudabwa, kuzizwa ndi kudzidzimuka. Neutral ndiye idatikanika. Nkhope yopanda kanthu ndi yotani? Kwathu munthu akangokhala duu osaonetsa chilichonse, anthu amayamba kufunsa kuti kwagwanji.

Chimene chidandivuta kwambiri ndi mawu amene pakapepalapo padalibe. Padalibe manyazi, liwu limene limanyamula kuchita manyazi kwa wogwidwa akuba, kwa mwana pamaso pa alendo, ndi kwa namwali pamaso pa womufunsira. Padalibe nsanje, nkhawa, chifundo kapena ulemu. Pulogalamu imene ili ndi mabokosi 7 okha siingathe kunena kuti nkhope iyi ilibe bokosi lake. Imangoikankhira m'bokosi limene layandikira. Ndipo izi si za Chichewa chokha. Mu 2019 Joshua Conrad Jackson ndi anzake adayerekeza mawu a zamumtima m'ziyankhulo 2,474, ndipo adapeza kuti mabanja a ziyankhulo amalumikiza mawuwa mosiyanasiyana. Mwachitsanzo, ku Hawaii liwu limodzi loti aloha limanena chikondi komanso chifundo. Mawu 7 aja ndi malire amene Chingerezi chidadula m'munda wa mtima, ndipo ziyankhulo zina zidadula malire awo pena.

Tsiku lina tidayesa pulogalamuyo pa zithunzi zimene ndidali nazo m'foni. Chimodzi chidali cha ukwati wa makolo anga, chimene ndidachijambula kuchokera pa chenicheni chopachikidwa pabalaza kwathu. Bambo aima chilili, maso tong'o pa kamera, milomo yotseka. Mayi azyolika pang'ono, maso pansi, osamwetulira. Pulogalamuyo idati bambo akwiya, mayi ali ndi chisoni. Nditapita kutchuthi ndidawafunsa mayi tikutong'ola chimanga pakhonde.

"Amayi, kodi tsiku la ukwati wanu mudali ndi chisoni?"

Iwo adaseka mpaka kugwira m'nthiti. "Chisoni cha chiyani, mwanawe? Alangizi adatiuza kuti mkwatibwi sayang'ana anthu m'maso kapena kuonetsa mano pagulu ngati wosalangizidwa. Mumtimamu ndinkavina."

Za bambo adati masiku amenewo munthu ankajambulitsa kamodzi pakanthawi, ndiye sukadataya ndalama zako n'kumaseka ngati uli pamasewera. Kompyuta idaona zoona: maso adali pansi, milomo siidatambasuke. Zimene sizidali m'chithunzimo ndi alangizi, apongozi amene adakhala kutsogolo, ndi mwambo wonse umene udaweramitsa mutu wa mayi anga.

M'phunziro la matanthauzo a mawu timaphunzira kuti liwu likakhala palokha tanthauzo lake silikhazikika. Tikalemba mtengo papepala, wowerenga sangadziwe ngati tikunena wobzala kapena wa pamsika kufikira ataona chiganizo chonse. Poyankhula, kamvekedwe ka liwu kamatithandiza, koma kalembedwe kathu sikaonetsa kamvekedweko. Chithunzi cha nkhope chili ngati liwu lotere, lozulidwa m'chiganizo chake. Nambala 12 ija imapezeka pa munthu wokondwa, pa wochita manyazi, pa wonyogodola mnzake, pa wogulitsa m'sitolo amene watopa koma akufuna kasitomala, ndiponso pa wophunzira amene wafunsidwa funso limene sakulidziwa. Kukweza nsidze, kumene kwa Ekman kuli mbali ya kudabwa, kwathu kuno nthawi zambiri ndi kuvomera chabe: ufunse mwana ngati wadya, iye angokweza nsidze osatsegula pakamwa. Timalozanso ndi milomo posonyeza kumene kwalowera munthu. M'ziyankhulo zamanja za anthu osamva, monga cha ku America, kukweza nsidze ndi lamulo la galamala losonyeza kuti chiganizocho ndi funso loyankhidwa ndi inde kapena ayi. Kompyuta ya mabokosi 7 ingaganize kuti aliyense wofunsa funso m'chiyankhulo chimenecho ndi wodabwa.

Chichewa chenichenichi chimadziwa kusiyanitsa zooneka ndi zamkati. Tili ndi mivekero yambiri yojambula nkhope. Timati munthu adangoti mwee, nkhope ili ndwii, maso ali tong'o, kukamwa kuli yasa, mutu uli zyoli. Mvekero umajambula ngati kamera, koma sunena chifukwa. Wokamba nthano akati mfumu idangoti ndwii, omvera amadikira kuti amve ngati yakwiya, ikuganiza mozama, kapena dzino likuiwawa. Tikafuna kunena zamkati timasamukira ku mtima: kupsa mtima, kusweka mtima, kutaya mtima, kukhazika mtima pansi. Chisoni timachimva, ululu timaumva, ndipo mneni wake ndi yemweyo wa khutu. Kwa ine izi zikusonyeza kuti makolo athu adaika nkhope mbali ina, mtima mbali ina, ndipo njira yochokera uku kupita uko adaidutsitsa m'makutu.

Wina angati awa ndi maganizo a wophunzira zolembalemba amene akuopa sayansi. Koma asayansi eni akewo akhala akutsutsana pankhaniyi kwa nthawi yaitali. Mu 1994 James Russell adadandaula kuti kafukufuku wambiri wa mtundu wa Ekman ankapatsa anthu mndandanda wa mawu oti asankhepo, ndipo mndandandawo ndi umene unkawalondolera ku yankho. Mu 2014 Maria Gendron ndi anzake adasindikiza zimene adapeza pakati pa Ahimba a kumpoto kwa Namibia, anthu oyankhula chiyankhulo cha banja la Chibantu monga ife. Adawapatsa zithunzi 36 kuti aziunjike m'milu monga akuonera okha, popanda kuwauza maina a magulu. Anthu a ku America atapatsidwa ntchito yomweyo, milu yawo idayandikira magulu a Ekman. Milu ya Ahimba siidatero, ndipo pofotokoza nkhopezo ankakonda kutchula zochita, monga kuseka ndi kuyang'ana. Nditawerenga izi ndidakumbukira mivekero yathu ija. Mu 2016 Carlos Crivelli ndi anzake adapeza kuti achinyamata a pazilumba za Trobriand, m'dziko lomwe lija la Papua New Guinea, akaona nkhope yotong'ola maso ndi kuyasama, imene mabuku amati ndi ya mantha, ankaitenga ngati ya munthu woopseza mnzake.

Ngakhale pakati pa azungu okhaokha nkhope imasocheretsa. Mu 2012 Hillel Aviezer ndi anzake adatenga zithunzi za osewera tenisi pa nthawi imene angopambana kapena kugonja pa mpira wofunika. Anthu ataonetsedwa nkhope zokha adalephera kusiyanitsa wopambana ndi wogonja, koma ataonetsedwa thupi adasiyanitsa mosavuta. Aliyense amene adaonapo nkhope ya wosewera mpira amene wangomwetsa chigoli angavomereze kuti imafanana ndi ya munthu amene waponda khala lamoto. Kenaka mu 2019 akatswiri asanu motsogozedwa ndi Lisa Feldman Barrett adaunika zolemba za kafukufuku zoposa 1,000. Adapeza kuti anthu akakwiya amachita tsinya nthawi zosakwana 30 pa 100 zilizonse, ndipo amachitanso tsinya pa zifukwa zina, monga kuganiza mozama kapena kusokonezeka. Mfundo yawo idali yakuti kayendedwe ka nkhope pakokha si umboni wodalirika wa zimene munthu akumva.

Palinso vuto la khungu, limene likutikhudza ife mwachindunji. Mu 2018 Joy Buolamwini, wa makolo a ku Ghana, ndi Timnit Gebru, wobadwira ku Ethiopia, adayesa mapulogalamu atatu a makampani ongonena ngati nkhope ndi ya mwamuna kapena ya mkazi. Adagwiritsa ntchito zithunzi za aphungu a nyumba za malamulo za ku Rwanda, Senegal, South Africa, Iceland, Finland ndi Sweden. Pa amuna oyera khungu mapulogalamuwo sadalakwe kuposa kamodzi pa 100, koma pa akazi akuda ina idalakwa pafupifupi ka 35 pa 100. Chaka chomwecho Lauren Rhue adayesa mapulogalamu awiri owerenga zamumtima pa zithunzi za osewera basketball a mu NBA. Pulogalamu imodzi inkaona osewera akuda ngati okwiya kuposa oyera ngakhale akumwetulira mofanana, ndipo inayo inkawaona ngati onyoza nkhope ikakhala yosadziwika bwino. Munthu wakuda kumutenga ngati waukali pamene sadakwiye si nkhani yachilendo m'mbiri ya dziko lapansi. Chachilendo n'chakuti tsopano bodzali likutuluka m'makina, ndipo anthu amakhulupirira makina kuposa anzawo.

Zikadakhala zongoseweretsa m'chipinda cha ophunzira, bwenzi tikungoseka monga adasekera mayi anga. Koma makinawa adalowa kale m'malo amene amagamula miyoyo ya anthu. Kampani ya ku America ya HireVue inkagulitsa pulogalamu yoyeza ofunsira ntchito kudzera pa kanema, ndipo ena mwa malikisi ankachokera ku kayendedwe ka nkhope, kufikira pamene idalengeza mu 2021 kuti yasiya mbali imeneyo. Mu 2018 nyuzipepala zidalemba za sukulu ina ya sekondale mumzinda wa Hangzhou ku China, kumene makamera ankayeza nkhope za ophunzira masekondi 30 alionse kuti aone amene akutsatira phunziro. Bungwe la European Union lidalipira ntchito yoyeserera yotchedwa iBorderCtrl, imene idayesedwa m'malire a Hungary, Latvia ndi Greece, yofuna kugwira apaulendo onama poyang'ana timayendedwe ting'onoting'ono ta nkhope. Ine chaka chamawa ndidzakhala ndikufunsira ntchito ndi maphunziro apamwamba, ndipo mafunso ambiri masiku ano amachitikira pa kamera ya kompyuta. Ndidaleredwa kuti wamkulu akamayankhula ndiziyang'ana pansi, ndipo ndikafunsidwa funso lovuta ndimachita tsinya poganiza. Sindifuna kuti ulemu umene adandiphunzitsa makolo anga udzawerengedwe ngati chinyengo ndi makina amene sindingathe kuwafunsa chifukwa chake.

Ena ayamba kubwerera m'mbuyo. Mu Juni 2022 kampani ya Microsoft idalengeza kuti ichotsa mbali yowerenga zamumtima pa pulogalamu yake ya nkhope, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chidali chakuti asayansi sagwirizana ngakhale pa tanthauzo la zimene akufuna kuyezazo. Mu 2024 European Union idakhazikitsa lamulo loyendetsera nzeru zamakina, ndipo kuyambira pa 2 Febuluwale 2025 n'koletsedwa m'maiko a bungweli kugwiritsa ntchito makina ozindikira zamumtima m'malo antchito ndi m'sukulu, kupatula pa zifukwa za chipatala kapena zopewera ngozi. Koma lamuloli ndi la ku Ulaya. Katundu akakanidwa pamsika wina satayidwa, amafuna msika wina, ndipo ife amene tidakulira m'zovala za pakaunjika tikudziwa kumene zotsala zimathera.

Sindikunena kuti luso lonseli litayidwe. Pali ntchito zimene makinawa angagwire bwino, ndipo ndaona kuti zonse ndi za mtundu umodzi. Kamera ya m'galimoto ingathe kuona kuti zikope za dalaivala zikutsekeka nthawi yaitali n'kumudzutsa asanagwere kuphedi. Madokotala angathe kuyeza ngati minofu ya munthu amene adafa mbali imodzi ya nkhope ikubwereramo. Opanga makanema amajambula kayendedwe ka nkhope ya wochita sewero n'kukasamutsira pa chithunzi chopangidwa ndi kompyuta. M'ntchito zonsezi funso ndi lakuti chayenda n'chiyani ndipo chayenda motani. Imeneyo ndi fonetiki ya nkhope, ndipo makina sakunamiza munthu akamayankha funso lotere.

Mnzanga uja amanditsutsabe. Iye amati anthunso amalakwa powerenga nkhope, nanga ndikufuniranji kuti kompyuta ikhale mngelo. Amatinso tikangojambula nkhope zambiri za Amalawi n'kuzilemba maina m'Chichewa, vuto lidzatha. Pa mfundo yachiwiriyi akunena zoona pang'ono, chifukwa nkhokwe yotere ingachepetse vuto la khungu lija. Koma adzalemba mainawo ndani, ndipo poona chiyani? Mmalawi mnzathu wa masiku ano ataonetsedwa nkhope ya mayi anga yokha, chovala cha ukwati atachidula, nayenso angalembe chisoni. Pa mfundo yoyamba, munthu akalakwa amakhala ndi pobwerera. Amafunsa kuti, "Kodi mwakwiya?" ndipo winayo amayankha kuti, "Ayi, mutu ndi umene ukundiwawa." Kapatsidwe kathu ka moni kadamangidwa pa nzeru imeneyi. Timakumana ndi munthu, nkhope yake tikuiona ndi maso athu, komabe timaima n'kufunsa mmene wadzukira, nanga kunyumba, nanga ana. Nkhope ikadakhala yokwanira, bwenzi tikungoyang'anana n'kupitirira. Ndidamupempha kuti pulogalamu yake izingolemba zimene yaona, monga nsidze zatsika, milomo yatambasuka, maso ali pansi. Iye adati nkhokwe yake ilibe maina otere ndipo tsiku lopereka ntchito layandikira, choncho mawu 7 aja adakhalabe, m'Chichewa chokakamiza.

Pomaliza, ndikuona kuti ife ophunzira ziyankhulo tili ndi gawo lathu pankhaniyi, ndipo tisalisiyire anzathu a makompyuta okha. Mawu athu onena zamumtima, mivekero yathu, kuloza ndi milomo, kukweza nsidze, kuzyolika, kutsonya, zonsezi zikufunika kusonkhanitsidwa ndi kufotokozedwa pamodzi ndi malo amene zimachitikira, monga timachitira ndi miyambi ndi zining'a. Tikatero, tsiku limene wina adzabweretse makinawa kuofesi, kusukulu kapena kumalire kwathu, tidzakhala ndi umboni wofunsira kuti mabokosi akewo adawapanga ndani ndiponso m'chiyankhulo chiti. Akuluakulu adati mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Kamera yabwino ingatithandize kuona gombe la tsidyalo bwinobwino, mpaka kuwerenga mitengo yake. Koma wofuna kudziwa zimene zikuchitika kumeneko ayenera kuwoloka, akapereke moni, akafunse mwini wake, ndipo akamve yankho m'chiyankhulo chimene mwiniyo amayankhula.